Foni Imene Sinamete Maliro

Abale anga amalonda, musanakhazikike pamabenchipo, ndiyang'aneni kaye. Yang'anitsitsani, musachite manyazi. Ndikupuma? Chithunzithunzi changa chikuoneka pansipa? Chabwino. Ndafunsa dala, chifukwa munthu waima patsogolo panuyu anthu a ku Malomo anamulira maliro, ena mpaka kumupempherera, iye ali moyo akumwa kachasu ku Madisi.

Dzina langa ndine Filimoni, ntchito yanga ndi kuwotcherera zitsulo. Tinabadwa awiri tsiku limodzi, ine ndi Filipo. Nkhope imodzi, msinkhu umodzi, ngakhale kutsokomola tinkatsokomola mofanana. Titatsegula shedi yathu pa Madisi sitinavutike ndi dzina, tinangolemba pachikwangwani kuti Mapasa. Ntchito tinagawana osakambirana: ine manja, iye pakamwa. Ine kulankhula pagulu ndaphunzira posachedwapa, ndiye mukaona ndikulowera kutchire mundibweze.

Foni ya shedi inkakhala ndi Filipo. Ndiye anatilowetsa m'gulu lija la pafoni la amalonda a ku Dowa ndi Ntchisi, limene ambiri muno mulimo. Ndiyenso anakonza pulofayilo yathu, ndikunena chithunzi ndi timawu tija timene munthu amayamba kuona akatsegula nambala yako. Ine ndinkamuseka. Ndinkati, chitsulo sichigwirana ndi chala choseweretsa pagalasi. Koma ntchito zonse zazikulu zinkalowera pomwepo: mafelemu a zitseko a kwa Che Saidi, amene ali ndi sitolo ya zomangira ku Malomo, ngolo za alimi a fodya a kumapiri, mageti a anthu omanga nyumba pa Boma. Anthu onsewo ankadziwa munthu mmodzi yekha, a Mapasa obweretsa katundu pa lole. Ankayesa Mapasa ndi dzina la bambo athu. Sankadziwa kuti mkati mwa shedi muli wina wa nkhope yomweyo.

Tsoka silinunkha. Mvula ili pakati, lole imene Filipo anakwera ndi mafelemu inatererereka pachitunda. Msewu uja mukuudziwa mmene umakhalira matope akakwiya. Sindifotokoza zambiri. Anabwera naye atamufunditsa chitenje cha mayi wosamudziwa, foni ili m'thumba, yosasweka ngakhale pang'ono.

Pa siwa pomwepo wina anandiuza kuti ndiike chithunzi cha malemu pafoni, anthu adziwe. Mukudziwa mmene tikuchitira masiku ano: chithunzi, kandulo pambali, mawu pansi. Maso ali misozi yokhayokha ndinafufuza m'fonimo, n'kupeza chithunzi cha paukwati wa msuweni wathu, tsiku limene tonse tinavala masuti ofanana. Munthu uja anandithandiza kuikapo kandulo. Pansi ndinalemba kuti, a Mapasa atisiya, mzimu wawo uwuse mumtendere. Kuyambira pamenepo chithunzicho sindinachiyang'anenso. Mtima sukanandilola.

Tinaika maliro, tinameta monga mwa mwambo, anthu anabalalika. Mauthenga a chipepeso anagwa ngati matalala, ine osatsegula ndi umodzi womwe. Kenako foni ija inangoti zii.

Inu amene mumadya za manja anu mukudziwa mmene foni yachete imaopsera. Poyamba ndinati anthu akundipatsa mpata wolira. Chimanga chinacha, fodya analowa m'zigafa, msika wake unatsegulidwa, nthawi imene ife owotcherera sitipuma, koma foni ili duu pashelefu. Ndinkaitchaja tsiku lililonse ngati ndikuthirira mtengo wouma. Mumtima ndinati basi, anthu onsewa anali a Filipo, ine ndinali wantchito chabe. Ndinayamba ndi kabotolo kamodzi kuti manja asiye kunjenjemera. Posakhalitsa manja ankanjenjemera kabotoloko kakasowa. Ndinagulitsa zidutswa za zitsulo, kenako utoto, kenako gulayinda yeniyeniyo, yodulira ndi kusalazira zitsulo. Makina owotcherera anachita fumbi, akangaude anamangamo nyumba. Kangapo konse ana a sukulu ankandidutsa nditagona m'ngalande ya kuseri kwa msika dzuwa lili pamutu.

Zinthu zina zinkachitika zimene sindinkazimvetsa. Tsiku lina mlimi wina wa kumapiri, bambo wachikulire wa chipewa cha mlaza, anafika pa njinga mpaka pafupi ndi shedi. Ine ndinali chiimire pakhomo. Atangondiona anatsitsa phazi pansi, pakamwa yasa, anatembenuza njinga n'kupalasa chiimirire osatembenuka. Moni sanapereke. Foni ikalira kamodzi pakanthawi, anali munthu wofunsa kuti, makina a malemu aja mukugulitsa? Ndinkangodula. Pa Madisi pomwepo, pamene ankadziwa kuti tinali awiri, manong'onong'o anayamba akuti wotsalayu ndi amene anadya mnzake kuti akhwime. Kukhwima kwake kuti, munthu wogona m'ngalande! Koma zinandilowa m'mafupa. Ndinayamba kukhulupirira kuti pali chinachake chikunditsatira.

Filipo anasiya mkazi, Anambewe, ndi ana awiri aang'ono. Onsewo ankadya za shedi ija. Alongo ake a Anambewe anabwera kuchokera kumudzi kwawo ku Ntchisi, anandipeza ndili chiledzerere, ndipo wamkulu sanazungulire. Anati, alamu, msika wa fodya ukatsekedwa moto usanayakenso mu shedi muno, tibwera ndi galimoto. Makina tigulitsa, gawo la malemu lipite kwa ana, mlongo wathu timutenga. Sindinawade, chifukwa ankanena zoona. Makina amenewo akanachoka, ndiye kuti Mapasa watha, ndipo ana a m'bale wanga akanakula osadziwa kuti bambo awo anasiya chiyani.

Tsopano ndimvereni bwino apa.

Inali nthawi yozizira, nkhungu itaphimba mapiri. Mu shedi munatsala mafelemu awiri okha, omaliza amene ndinawotcherera Filipo ali moyo. Ndinawakweza pa minibasi kupita nawo ku Malomo. Ndisakunamizeni kuti ndinkakadzutsa bizinesi, ayi, ndinkafuna ya mowa, ndipo pa Madisi panalibenso wondigula kanthu. Kwa Che Saidi ndinali ndisanafikeko, koma sitolo yawo sisowa. Linali tsiku la msika. Ndikudutsa pakati pa anthu ndi mafelemu paphewa ndinaona kuti njira ikungotseguka yokha. Mayi wina wogulitsa tomato anakokera mwana wake kumbuyo. Wakabaza wina anavula chipewa.

Ndinalowa m'sitolo. Mayi a m'nyumba a Che Saidi ankayeza misomali pasikelo. Anadzutsa mutu, anakuwa, mbale ya misomali inagwa pansi n'kumwazika sitolo yonse. Che Saidi anatuluka kuseri kwa matumba a simenti. Ndi bambo wodekha, wa ndevu za imvi, koma ndinaona milomo yawo ikuyenda, akupemphera chamumtima.

Anati, “Imani pomwepo. Ndinu ndani?”

Ndinati, “Ndine Mapasa, wa ku Madisi.”

“A Mapasa tinawalira.”

“Ameneyo anali Filipo. Ine ndine Filimoni. Tinabadwa awiri.”

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. Kenako anayandikira pang'onopang'ono, akuponda misomali ija, n'kundigwira dzanja. Sanaligwire mopereka moni, analigwira mmene umagwirira mwana pofuna kumva ngati watentha thupi. Atamva kuti ndine wofunda anapuma mwamphamvu, nati, “Mapasa! Ndiye kuti mapasa enieni? Zaka zonsezi ine ndimayesa ndi mfunda.”

Anandikhazika pa thumba la simenti, anaitanitsa tiyi, anatulutsa foni yawo n'kutsegula nambala ya shedi yathu. Anandilozetsa kumaso. Kandulo ija inali ikadayaka. A Mapasa atisiya.

Anati, “Ine ndi amene ndinalengeza pagulu kuti shedi ija yatha, chifukwa ndi zimene mwalemba apa. Aliyense wondifunsa za ngolo ndakhala ndikumutumiza kwina.”

Mkwiyo unandigwira. Ndinati, “Nanga osaimba bwanji kuti mufunse?”

Anandiyang'ana mwachisoni. “Mwana wanga, ndani amaimba foni kumanda?”

Mawu amenewo anandilasa. Miyezi yonseyi ndinkati anthu anditaya, ndinkati andilodza, chonsecho ndine ndinaima pakhomo la bizinesi yanga n'kumauza aliyense wodutsa kuti mwini wake anamwalira. Che Saidi anati ndichotse chithunzicho pomwepo. Ndinakana. Ndinati ndikachotsa ndiye kuti ndamukwirira kachiwiri m'bale wanga. Sanandikakamize. Anati, “Maliro ali ndi mwini wake, kafunseni mkazi wa malemu. Mafelemuwa asiyeni apa, ndikusungirani, koma sindigula kwa munthu wonunkha chonchi. Mudzabwere muli moyo.” Zinandiwawa, koma wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndinafika kwa alamu anga Anambewe dzuwa litapendeka. Ndinawapeza pakhonde akuswa mtedza. Kuyambira pa maliro ndinkawazemba, chifukwa akandiona ankayang'ana kumbali. Ndinawafotokozera zonse za ku Malomo, ndipo ndinati, alamu, ndabwera kudzapempha chilolezo, ndichotse amuna anu pafoni kapena ndisachotse? Iwo kafoni kawo ndi ka mabatani, chithunzicho anali asanachionepo. Anapukuta manja pachitenje, analandira foni, anaiyandikizitsa kumaso.

Anayang'ana. Anayang'anabe. Ndinaona nkhope yawo ikusintha.

Anati, “Alamu, mwaika ndani apa?”

Ndinati, “Amuna anu.”

“Ayi.”

“Ndi paukwati paja, tinavala masuti ofanana.”

“Ndikukumbukira, masutiwo ndinasita ndine. Koma awa si amuna anga.” Anaika chala pagalasi, pansi pa khutu la munthu wa pachithunzi. “Chipsera ichi n'cha ndani?”

Dzanja langa linapita lokha pakhosi. Onani, ndi ichi, kachitsulo kamoto kanandigwera apa tikungoyamba kumene ntchito. Filipo analibe chipsera.

Abale, tamvani izi. Munthu amene ndinamuyatsira kandulo, amene ndinalengeza kuti watisiya, amene Dowa ndi Ntchisi yense analembera kuti awuse mumtendere, ndinali ine. Ndinadzilengeza ndekha maliro, ndipo tsiku lililonse ndi kabotolo kaja ndinkafulumira kuti mawuwo akhale oona. Ndinaopa kwambiri. Ndinalira pakhonde paja ngati mwana.

Anambewe sanalire nane. Anavula duku kumutu, nati, “Taonani. Ife tinameta kalekale, tsitsi lamera. Inu munameta mutu wokha, foni yanuyi sinamete. Ndipo ndikuuzeni chimene chimandiyang'anitsa kumbali. Nkhope mwanyamulayo si yanu nokha. Ana anga akamachokera kusukulu n'kukuonani m'ngalande, amaona bambo awo. Wamng'onoyu anandifunsa kuti, amayi, adadi anadzuka kumanda kuti azidzagona m'matope?”

Ngati pali wina muno amene akumwa chifukwa cha chisoni, sindikuweruzani, ndachokera komweko. Koma funsani kuti nkhope yanu ndani winanso akuiona.

Kusiya mowa sikunali kwa tsiku limodzi, ndisakunamizeni. Ndinadwala, ndinasanza, ndinagwanso kamodzi n'kudzukanso. Abambo a kumpingo kwathu ankasinthana kudzakhala nane mu shedi masana, osalalikira, kungokhala. Manja atayamba kugwira ndodo yowotcherera osavina, Anambewe anati, tsopano tiyeni timete foni.

Tinayamba ndi chithunzi. Ine ndinafuna kuvala suti kuti ndioneke bwana. Alamu anati suti ndi imene inakuphani, valani ovolosi. Tinatulutsa panja ngolo yakale imene ndinali kukonza, m'mawa dzuwa likuwala kumaso osati kumsana, ine chiimire pambali pake, chikwangwani cha shedi chikuoneka kumbuyo, mutu nditaupendeketsa pang'ono kuti chipsera chioneke. Alamu ndi amene anajambula. Munthu akatsegula nambala yanga lero amaona zinthu ziwiri nthawi imodzi, nkhope ya munthu wamoyo ndi ntchito imene amagwira.

Dzina nalonso tinalikonza. Mawu akuti Mapasa okha ndi amene anasokoneza anthu, koma sindikanawataya. Ndinalemba kuti, Filimoni wa ku Mapasa, wowotcherera zitsulo, Madisi. Pansi pake, pamene panali mawu a maliro, ndinalemba zimene ndimapanga: ngolo, mafelemu, mageti, ndi kukonza makasu a ng'ombe. Ndinalembanso pamene shedi ili, mmene mungalozere mlendo wotsika minibasi, komanso kuti Lamlungu sinditsegula. Palibe Chingerezi, palibe kudzitama. Mlimi wa kumapiri safuna kudziwa kuti ndiwe dayilekita, akufuna kudziwa ngati ungamupangire ngolo.

Chovuta kwambiri chinali kulankhula pagulu lija. Manyazi anandigwira, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Sindinalembe, ndinajambula mawu kuti amve kuti ndikupuma. Ndinati, moni nonse, ndine Filimoni, mapasa mnzake wa malemu Filipo amene munkamudziwa. Iye anatisiyadi. Ine ndilipo, ndipo ntchito zonse zimene ankakubweretserani ndinkaziwotcherera ndi manja awa. Ndinasochera, ndabwerera. Kenako Che Saidi anayankha kuti, “Ndamugwira dzanja ndekha, ndi wofunda. Mafelemu ake ali m'sitolo mwanga, bwerani mudzaone msoko wake.” Mawu a munthu mmodzi wodalirika anachita zimene ine sindikanatha ngakhale ndikanalankhula tsiku lonse. Ndiye mukamugwirira bwino ntchito munthu, musaope kumupempha kuti anene mawu amodzi pagulu.

Kuchokera pamenepo ntchito iliyonse ndikamaliza ndimaijambula n'kuika, yanga yeniyeni, osati zithunzi zotola za mageti a kunja. Munthu akadzaona kuti chimene wabwera nacho n'chosiyana ndi chimene anaona, wapita ndipo atenga anzake. Foni ikalira ndimazimitsa makina n'kuyankha, ndipo ndimayamba ndi dzina langa. Pagulu sindingolowa pofuna kugulitsa. Wina akafunsa komwe angapeze matayala a ngolo ndimamuuza, ngakhale sindipindulapo kanthu.

Musandiyang'ane ngati ine ndekha ndi amene ndinadzikwirira. Ndisanaime pano ndatsegula manambala anu ena. Achimwene osoka zovala, pa pulofayilo panu pali chizindikiro cha timu ya mpira, ndikakufunani ndikakupezeni kubwalo? Ena mwaika khanda, khandalo pano lili sitandade wani. Ena maluwa, ena mkango. Amayi ogulitsa uchi, musabise nkhope, panu mwalemba kuti olankhula lankhulani Mulungu akukuonani. Ine ndigule uchi kwa munthu wokwiya chonchi? Sekani, koma ndaonanso makandulo awiri muno, ndipo eni ake sindiwatchula. Lirani, palibe woletsa. Koma mwambo wathu womwe unaika tsiku lometa, chifukwa akuluakulu ankadziwa kuti maliro osameta amatenga wina.

Sikuti zonse zinabwerera. Gulayinda ija sindinaipezenso. Alipo mpaka lero amene akandiona amawolokera tsidya lina la msewu. Ndipo ntchito zinkabwera pang'onopang'ono, timageti, timakasu, nyengo ikutha.

Msika wa fodya utatsekedwa, alongo a Anambewe anabwera monga ananenera, ndi galimoto ya hayala, yopanda kanthu kumbuyo. Anandipeza ndikuwotcherera geti. Wamkulu uja anayang'ana moto, anayang'ana ine, nati, alamu, geti limodzi si bizinesi. Anambewe anali chiimire pakhomo ndi ana, pansi pa chithunzi cha Filipo chimene tinapachika pakhoma, chenichenicho, chimene anasankha okha. Dalaivala anali atayamba kale kutsitsa chitseko cha kumbuyo kwa galimoto.

Foni inalira m'thumba la ovolosi. Ndinazimitsa makina. Manja anali akuda, ndiye ndinangodina kuti mawu amveke panja.

Ndinati, “Filimoni wa ku Mapasa.”

Anali mawu a bambo wachikulire. “Pepani bambo. Ine ndi uja ndinabwera pa njinga n'kuthawa. Mwana wanga wandionetsa chithunzi chatsopanochi. Ndikufuna ngolo, ndipo anzanga a kalabu yathu ya fodya akufunanso zawo mvula isanagwe. Koma ndifunse kaye. Ndikulankhula ndi a Mapasa amoyowo?”

Ndinayang'ana ana aja. Wamng'ono anali akundiyang'anitsitsa, osaphethira.

Ndinati, “Ee, bambo. Amoyowo.”

Mlamu wamkulu uja anatembenukira kwa dalaivala n'kumuuza kuti atseke chitseko, abwerera opanda katundu.

Tsopano tulutsani mafoni anu. Musatsegule nokha, mudzinamiza ngati ine. Mupatseni mnzanu mwakhala naye pafupiyo nambala yanu, atsegule pa foni yake, akuuzeni mosabisa ngati munthu akuonekayo ali moyo ndiponso ngati akudziwika chimene amagulitsa. Ine mundikhululukire, yanga yayamba kunjenjemera m'thumbamu. Ndikayankhe msanga, angaganize kuti aimba kumanda.